Miyezi Yozizira ndi Ntchito za Pakhomo ku Kimara

Munthu wochokera ku Malawi pabasi akaoloka mtsinje wa Songwe n'kukwera mapiri a ku Tukuyu, amayenda usana ndi usiku kudutsa Iringa, Morogoro ndi Chalinze mpaka kukatsikira pa siteshoni yayikulu ya Magufuli ku Mbezi. Kuchoka pamenepo kupita ku Kariakoo, kumene amalonda athu amakapikula katundu, amatsata msewu wa Morogoro, ndipo msewuwo umadutsa pa Kimara. Kimara ndi dera la zitunda ndi zigwa m'boma la Ubungo mumzinda wa Dar es Salaam, lodzaza ndi nyumba zalendi, ndipo kuyambira mu Meyi 2016 mpamene pamayambira mabasi ataliatali oyenda mumsewu wawowawo, mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kukafika ku Kivukoni m'mphepete mwa nyanja yamchere. Tambala asanalire kachiwiri anthu amakhala atandanda kale pamzere, ndipo ambiri amabwerera kunyumba ana atagona. Mwa anthu oposa 5 miliyoni amene kalembera wa 2022 anawapeza mumzindawu muli Amalawi ochuluka, ena antchito a m'nyumba, ena osamalira maluwa, ena alonda, ena a geni. Kwa onsewa Januwale ndi Julayi sasiyana, ntchito ndi yomweyo, changu n'chomwecho. Mutu uno ukunena kuti pamenepa pali chinthu chimene chatayika, ndipo n'chofunika kuchibweza: chizolowezi chochepetsa liwiro m'miyezi yozizira kuti munthu akonze za pakhomo pake, asamalire ziweto zake ndi kugwira ntchito za manja.

Wina angayambe ndi kuseka, ati ku Dar es Salaam kuli kuzizira kwanji? Funsoli ndi labwino ndithu. Mzindawu uli pagombe, pafupi ndi mzere wogawa dziko pakati, ndipo ngakhale mu Julayi masana kumatentha madigiri pafupifupi 29 kapena 30, usiku n'kutsika mpaka 18 kapena 20. Munthu wa ku Dedza, kumene tawuni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, angatche zimenezi kutentha. Kuzizira kumakula munthu akamakwera, madigiri pafupifupi 6 ndi theka pa mamita 1,000 aliwonse, n'chifukwa chake pa Nyika ndi pa phiri la Mulanje udzu umayera ndi chisanu m'mawa, monganso zimachitikira ku Njombe ndi ku Makete m'mapiri a kumwera kwa Tanzania. Komabe nyengo yake ndi imodzi. Dzuwa likapendekera kumpoto, mphepo yochokera kumwera chakummawa imayamba kuomba m'chigawo chonsechi. Ndiyo imene asodzi a ku Nkhotakota amaiopa ikabwera ngati mwera, ndiyo imabweretsa chiperoni ku Thyolo ndi ku Blantyre, ndipo ndi yomweyo imene pagombe la Tanzania amaitcha kusi. Ku Kimara imafika mvula yayikulu ya Malichi mpaka Meyi itangotha, madzi amene amasefukira mumtsinje wa Msimbazi n'kutseka msewu pa Jangwani ataphwera. Chinyontho chimachepa, thukuta limauma, munthu amagona tulo teniteni ndipo amatha kukhala pakhonde masana osapsa. Kwa thupi limene lazolowera kutentha kwa pagombe, imeneyi ndi nyengo ina ndithu, ndipo ndi miyezi yokhayo pachaka imene munthu angakhale pansi ndi singano kapena mpeni maola awiri zala zosaterera.

Kuti timvetse chimene chatayika tiyenera kuona mmene miyezi imeneyi inkayendera kumudzi, ndiponso mmene ikuyenderabe m'midzi yambiri. Makolo sanasankhe Juni ndi Julayi mwachisawawa, zipangizo zomwezo ndizo zinkalamula. Udzu wofolera umakhwima mvula ikatha ndipo uyenera kumwetedwa moto wolusa usanadutse. Bango losokera mphasa limadulidwa madambo akaphwa. Mlaza wolukira mikeka ndi zipewa, umene timauona ku Salima, ku Mangochi ndi ku Liwonde, umafuna dzuwa louma kuti usachite nkhungu. Mbiya ndi mtsuko zikaumbidwa zimafuna kuuma pang'onopang'ono pamthunzi kwa masiku angapo zisanaotchedwe, ndipo m'dzinja chinyezi sichilola pamene mu Okutobala kutentha kumang'amba dongo. Nkhokwe yatsopano iyenera kulukidwa chimanga chikamalowa, ndipo nsungwi zotsala zimapita ku malichero ndi madengu. Mipini, mithiko, zipande ndi mitondo zimasemedwa nthawi yomweyo chifukwa m'dzinja palibe amene angasiye kupalira n'kukhala pansi ndi sompho. Amayi amafutsa ndiwo, kuyanika makaka ndi kuzira m'nyumba. Ngakhale zilombo zikuluzikulu za Gule Wamkulu, gule amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, zimalukidwa ndi udzu ndi makoko a chimanga, zinthu zopezeka pokhapokha anthu atakolola, ndipo sizodabwitsa kuti mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete umachitika kumapeto kwa Ogasiti. Tikaziika pamodzi zonsezi tiona kuti miyezi yozizira inali nthawi imene banja linkakonzanso zida zonse zimene moyo wa chaka chamawa udzadalire.

Panalinso china chofunika kuposa zida. Ntchito za manjazi zimagwiridwa munthu atakhala pansi, pakamwa pali pomasuka, ndipo mwana amatha kukhala pambali. Kumunda mwana amalamulidwa, koma pamphasa amaonerera, amafunsa, amapatsidwa kachidutswa ka nsungwi kuti ayesere. Kukada msanga ndi kuzizira zimasonkhanitsa anthu pamoto, potonola chimanga kapena poswa mtedza, ndipo pamenepo mpamene nthano, ndagi ndi mbiri ya banja zinkadutsira kuchoka kwa agogo kupita kwa adzukulu. Sukulu imeneyi inalibe belu kapena mayeso, koma inali ndi nyengo yake pachaka. Mwana wa Mmalawi wobadwira ku Kimara amayankhula Chiswahili kusukulu, kumsika ndi kosewera, zomwe n'zabwino ndipo palibe woti n'kumuletsa. Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao angachimve kunyumba kokha, ndipo ngati makolo amachoka kusanache n'kubwera usiku chaka chonse, adzachimvera kuti? Chiyankhulo sichiphunzitsidwa ndi malamulo ofuula m'mawa munthu akuthamangira basi. Chimalowa pamene wamkulu ndi mwana akhala pamodzi nthawi yayitali manja ali pa chinthu chimodzi.

Pali chitsutso chachiwiri, cholemera kuposa choyamba. Ena amati zonena kuti kumudzi anthu ankapuma m'nyengo yozizira ndi maloto a anthu a m'tawuni, ndipo akunena zoona pang'ono. Mlimi wa fodya ku Kasungu amakhala akusankha ndi kudinda mabelo, wa kudimba amathirira m'mawa ndi madzulo madzi ozizira ali m'miyendo, anyamata amaumba njerwa, ndipo mayi sanapumepo chiyambire: mtondo, nkhuni ndi madzi sizidziwa mwezi. Nthawi zambiri amene ankaothera dzuwa pabwalo akusewera bawo anali abambo. Zimenezi sitingazibise. Koma zimene tikunena pano si ulesi kapena kugona masana. Kusiyana kuli pa mtundu wa ntchito. Kubzala ndi kupalira kumalamulidwa ndi mvula, ukachedwa sabata imodzi walira chaka chonse. Kuluka dengu kumalamulidwa ndi mwini wake: angalisiye mlendo akabwera, angalipitirize mawa, ndipo likatha ndi lake. Thupi limagwirabe ntchito koma mtima suli m'mwamba. Munthu wa ku Kimara amene amathamangira basi miyezi 12 yathunthu ali ngati munda wolimidwa chaka ndi chaka osagonekedwa, umene umaoneka bwino kwa kanthawi kenako n'kuguga mwakachetechete. Ndipo ngati kale mpumulowo unkagawidwa mokondera, yankho lake ndi kuugawa bwino, kuti bambo nayenso atunge madzi mayi akhale pansi ndi ulusi wake.

Chitsutso chachitatu ndicho chimapweteka: wosauka angachepetse bwanji liwiro? Mwini nyumba safunsa mwezi, ndipo ku Dar es Salaam lendi nthawi zambiri imafunidwa ya miyezi ingapo pakamodzi. Kumudzi akudikira ndalama za feteleza ndi fizi. Wogulitsa pamsewu akapanda kutuluka tsiku limodzi ana agona ndi njala. Zonsezi n'zoona, ndipo n'chipongwe kuuza munthu wotere kuti apume ngati kuti ali ndi nkhokwe yodzaza. Komabe kuthamanga kosalekezako nakonso kuli ndi mtengo wake, kungoti umalipidwa mochedwa. Mu 2021 mabungwe a WHO ndi ILO anatulutsa kafukufuku woonetsa kuti mu 2016 anthu pafupifupi 745,000 padziko lonse anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Wantchito wa m'nyumba wogona komweko, amene amadzuka woyamba n'kugona womaliza, amapyola maola amenewa Lachisanu lisanafike. Lamulo la ntchito la Tanzania la 2004 limati maola wamba a ntchito asapitirire 45 pa sabata, limapereka tsiku lathunthu lopuma sabata iliyonse ndi tchuthi cha masiku 28 pachaka. Ambiri sazilandira zimenezi, makamaka amene mapepala awo sali bwino ndipo amaopa kutsegula pakamwa. Ndiye kuti vuto si lakuti mpumulo ndi wa anthu olemera okha, koma kuti wosauka akulandidwa chinthu chimene ngakhale lamulo limati n'chake. Ndipo kumene tsiku lopumalo lilipo, funso limatsala lakuti likupita kuti. Lamulungu lathunthu lingathere pa foni kapena pamalo omwera mowa, munthu n'kudzuka Lolemba atatopa kuposa kale.

Ena amati ntchito za manja zinapita ndi nthawi yake, chifukwa beseni lapulasitiki ndi lotchipa kuposa dengu ndipo juzi ya kaunjika imaposa yoluka. Pa mtengo wokha akupambana, ndipo palibe chifukwa chonamizira mayi kuti adzalemera ndi singano ziwiri. Koma msika sunatseke chitseko monga mmene anthu amaganizira. Boma la Tanzania linaletsa majumbo apulasitiki kuyambira pa 1 Juni 2019, ndipo chaka chomwecho khoti lalikulu la apilo ku Malawi linagamula kuti chiletso cha mapulasitiki opyapyala chigwire ntchito. Kuyambira pamenepo thumba losoka ndi dengu loluka zinapezanso malo m'manja mwa wopita kumsika. Lichero silinapezebe wolilowa m'malo, mpunga ndi chimanga zimapetedwabe ndi nsungwi. Mumzinda womwewo wa Dar es Salaam, osema ziboliboli a ku Mwenge, ambiri a iwo Amakonde, akhala akudyetsa mabanja ndi mpeni kwa zaka zambiri, ndipo Edward Saidi Tingatinga, amene anayamba kujambula mu 1968 ndi penti wa njinga pa timatabwa totsala, anamwalira mu 1972 atasiya luso limene lero likudziwika dziko lonse. Kwathu kuli malo a Kungoni ku Mua, amene Bambo Claude Boucher anawayambitsa mu 1976, ndi Dedza Pottery yoyamba mu 1987, kuwonjezera pa mipando yoluka ya ku Malawi imene ikugulidwa mpaka kunja. Chionetsero chachikulu cha malonda cha Saba Saba, pamsewu wa Kilwa, chimachitika kumapeto kwa Juni mpaka m'kati mwa Julayi, pakati penipeni pa nyengo imene tikukambayi.

Ngakhale zili choncho, ndikuona kuti kuteteza ntchito za manja ndi ndalama zokha n'kuziphonya. Phindu lake lalikulu lili pa munthu woluka. Mu 2013 magazini ya British Journal of Occupational Therapy inasindikiza kafukufuku wa anthu oluka oposa 3,500 a m'maiko osiyanasiyana, ndipo ambiri ananena kuti akaluka mtima umakhala pansi ndipo amasangalala. Tisaukweze kwambiri umboni umenewu, paja ofunsidwawo anali okonda kale kuluka, ndipo munthu sanyoza chimene amachikonda. Koma amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano ndi a Dorika anazidziwa izi kalekale popanda kafukufuku. Pamene akhala pamodzi kuluka majuzi ndi kusoka nsalu za patebulo, nkhawa za m'banja zimatulukira pomwepo ndipo malangizo amaperekedwa popanda woitanidwa kubwalo. Kachipewa koluka ka mwana wakhanda sikokongoletsa chabe: ana obadwa masiku asanakwane amataya kutentha msanga kudzera kumutu, ndipo m'zipatala zimene amayi amafungatira ana otere pachifuwa usana ndi usiku, chipewa ndi masokosi ndi mbali ya chithandizo. Wantchito amene tsiku lonse amakolopa pansi pamene podzadanso mawa amafunika chinthu chimodzi chimene akachimaliza chimakhalapo, chooneka ndi maso, chonena kuti manja ake ndi amene anachipanga.

Za ziweto zapakhomo nazo zili ndi otsutsa ake. Ambiri a ife timaona kusisita galu ndi kumutcha dzina ngati za azungu. Galu ndi mlonda, mphaka ndi wa makoswe, basi. Sindikufuna kukangana ndi zimenezo, ndipo palibe akupempha kuti galu agone pabedi. Koma mlonda amene amadya mkute wokha, wodzaza nkhupakupa ndi nthata, womangidwa pa unyolo waufupi dzuwa lonse, ndi mlonda woipa ndiponso ngozi kwa ana a pakhomo pomwepo. Bungwe la WHO limati matenda a chiwewe amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Ana ndiwo amalumidwa kwambiri chifukwa ndiwo amasewera nawo. Akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 aliwonse akalandira katemera, matendawa amasiya kufala m'deralo. Ku Blantyre mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a zaziweto a boma, linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha, umboni wakuti eni agalu amabwera nawo ngati wina wawafikira. Katemera, kusambitsa galu ndi mankhwala a nkhupakupa, kukonza khola la nkhunda kapena la akalulu, zonsezi ndi ntchito zazing'ono zimene zimadikira tsiku limene munthu ali pakhomo dzuwa likadali m'mwamba. Nkhuku nazo zimafuna katemera wa chitopa, wodonthetsera m'diso miyezi inayi iliyonse, ndipo wa mu Julayi ndi wofunika kwambiri popeza mliriwu umakonda kulusa chilimwe chikamatentha. Ku Kimara, kumene mabanja ambiri amawetabe nkhuku kuseri kwa nyumba, mwana amene wapatsidwa udindo wosamalira nkhunda ziwiri amaphunzira kudzuka chifukwa cha chamoyo china, phunziro limene foni singamupatse. Ndipo aliyense adziwe kuti munthu akalumidwa ndi galu, bala litsukidwe ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo adwale.

Pali chenjezo limodzi loyenera kunenedwa mosapsatira, makamaka kwa owerenga a kumtunda monga ku Mzuzu, ku Dedza, ku Mbeya ngakhale abale athu a ku Johannesburg, kumene Juni amaluma zenizeni. Kusonkhana pamoto kwa makolo kunkachitika panja kapena m'nyumba yaudzu yopuma mphepo. Mbaula yamakala m'chipinda chamalata chotseka mazenera ndi nkhani ina. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene sununkha ndipo suoneka, munthu amangomva mutu ndi tulo, ndipo chaka chilichonse mabanja amapezeka atafera m'tulo. Mbaula ituluke panja anthu asanagone, ngakhale makala akuoneka ngati azima.

Tsono chimene chingatheke ku Kimara n'chiyani, poti kulibe dambo lomweta bango ndipo palibe amene angasiye ntchito miyezi itatu? N'chochepa, koma chilipo. Ulusi, singano, mikanda ndi zidutswa za nsalu zimapezeka m'misika ya mumzinda pa mtengo woti munthu wamba angaufikire, ndipo mlaza woluka kale m'mizere umagulitsidwa chifukwa anthu a pagombe nawo ndi akatswiri a mikeka. Bawo ndi masewera a mbali zonse ziwiri za malire, ndipo thabwa limodzi ndi njere zokwanira zingasonkhanitse bambo, mwana ndi mnansi wa Chitanzania pakhonde limodzi. Magulu a Amalawi amene amakumana pa zamaliro ndi zachipereganyu ali kale ndi anthu, malo ndi tsiku, chimene chikusowa ndi kungoganiza kuti m'miyezi itatu imeneyi misonkhano ina ikhale ya manja, wodziwa kuluka aphunzitse wosadziwa, ana ali pomwepo akumva chiyankhulo cha kwawo. Mipingo ndi mizikiti ingachite chimodzimodzi. Amene ali ndi mwayi wosankha nthawi ya tchuthi aganizire za Julayi m'malo mwa Disembala, pamene mabasi amadula, kumudzi anthu ali kalikiliki ndi kupalira ndipo nkhokwe zayamba kupepuka. Mu Julayi chakudya chilipo, misewu ndi youma, ndipo agogo ali pamphasa ndi nthawi yocheza ndi mdzukulu. Kwa inu amene muli ndi wantchito pakhomo, kaya ndi Mmalawi kaya ndi Mtanzania, tsiku lake lopuma pa sabata ndi masiku 28 a pachaka si mphatso yochokera kwa inu. Mpatseni onse, ndipo mumulole asankhe yekha mwezi wake.